Belu Limene Tinakwirira M'munda wa Kachewere

Tsangano,
Lachinayi madzulo

Armando mwana wanga,

Kalata iyi ndawapatsa amayi ako kuti aiike pamwamba pa kamba wako, chifukwa ndimakudziwa. Chinthu choyamba chimene udzamasule panjira ndi chakudya. Ngati ukuwerenga, ndiye kuti wakhala pansi penapake, mwina pa mphambano paja pamene njira imagawikana, ina yolunjika kumalire, ina yokhotera ku Ntengo-Wambalame kwa amalume ako a Zakariya. Usanyamuke pamenepo usanamalize. Chimanga chokazingacho uzitafuna pang'onopang'ono, mawu anga ndi ambiri.

Mwina ukudabwa kuti bwanji sindinangokuuza pakamwa pamene tikugona nyumba imodzi. Iwe ndi ine tikayamba nkhani imeneyi sitipita nayo patali. Iwe umakweza mawu, ine ndimakweza kuposa pamenepo, ndipo amayi ako amatuluka kukaona nkhuku zimene sizinawaitane. Mtima wapachalawo unatengera ine, choncho sindingakudandaule. Koma pepala sungalidule pakamwa, ndiye lero undimvera mpaka kumapeto.

Dzulo ndinakupempha kuti podutsa ukatsanzike amalume ako. Unandiyankha kuti, "Ababa, munthu amene uja ndi herege, wampatuko. Mawu a Mulungu akuti wotero tizimuchenjeza kamodzi, kawiri, kenako tizimupewa. Ine m'nyumba mwawo sindilowamo, ngakhale madzi awo sindimwa." Unalankhula ngati mbusa kale, chikhalirecho sukulu ya ubusayo sunaiponde n'komwe. Amayi ako anali pakhonde akupeta, ndipo lichero linaima. Amene unamutchula choncho ndi mlongo wawo wa bere limodzi, mwana wanga. Usiku wonse amayi ako ankangotembenuka pamphasa.

Usaganize kuti ndikukunyoza. Ndikunyadira kwambiri kuti pakati pa anyamata onse, mpingo wasankha iwe kuti uwoloke malire ukaphunzire ku Malawi, nthawi ino pamene anzako akugwidwa kuti akanyamule mfuti. Kumeneko akakuphunzitsa Chigriki, chinenero chimene atumwi analembera makalata awo, ndipo udzabwerako ukudziwa zambiri kuposa ine. Ine Chigriki changa chinatha kale m'mutu. Ndatsala ndi liwu limodzi lokha, ndipo ndi lomwelo limene unaponyera amalume ako dzulo. Ndilole ndikupatse liwu limenelo monga momwe ndinalilandirira, asanakupatse ena.

Ndili mnyamata wa msinkhu wako, atsamunda asanachoke, ananditumiza kukaphunzitsa ku Furancungo. Ndinkagona m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya abusa ena okalamba, a Chimphonda, amene anaphunzira kutali ali anyamata. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, ndiye ndikaweruka ku sikola ndinkawawerengera Baibulo, iwo n'kumandionetsa zilembo za Chigriki ndi chala pa dothi. Nthawi imeneyo kutsidya kwa mtsinje kunali munthu wina amene ankaphunzitsa za ubatizo mosiyana ndi ife, ndipo ine ndinkadana naye ngati kuti anandibera mbuzi. Tsiku lina ndinapeza vesi lomwe lija unanditchulira dzulo. Ndinathamanga nalo kwa abusa, mtima uli dyokodyoko, kuti ndapeza chibonga chomukanthira.

Ndinawapeza akusankha nyemba pa lichero, akuzipapasa ndi zala poti maso sankawathandiza. Anandimvera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Professor, khalani pansi, mugwetsa lichero langa. Liwu limenelo pa Chigriki ndi hairetikosi. Muzu wake ndi kusankha, kudzitengera gawo. Mukuona zimene ndikuchitazi? Izi uku, izi uku. Munthu ameneyo amachita chimodzimodzi, koma ndi anthu a Mulungu." Anandiuza kuti poyamba penipeni liwu la mtundu umenewo silinali chitukwano n'komwe. Anthu akasankha kutsata mphunzitsi mmodzi n'kukhala kagulu kawo, ankawatchula choncho popanda wokwiya. Linadzaipa litalowa mumpingo, chifukwa mpingo sunapangidwe kuti wina aziutapa ndi dzanja n'kunena kuti awa ndi anga.

Ine ndinafunsa kuti, "Nanga wophunzitsa zabodza uja?" Iwo anati, "Ameneyo ali ndi maina ake ena. Nthawi zina wabodza ndi wogawa amakhala munthu mmodzi, nthawi zina ayi. Munthu angathe kunena zoona zokhazokha koma n'kukhala hairetikosi wotheratu. Mukafuna kumudziwa, musamangomvera pakamwa pake. Muziyang'ana mapazi ake akatuluka m'tchalitchi. Akulowa nyumba za ndani, ndipo akulambalala ya ndani?" Ndinabwerera kukanyumba kanga nditakhumudwa, chifukwa chibonga changa chinali chitasanduka phunziro. Mawuwo ndinawaloweza monga timalowezera za mayeso, ndipo ndinkaganiza kuti kuloweza ndiko kumvetsa.

Tsopano ndibwere ku nkhani ya belu. Unalipo, koma unaiona ndi maso a mwana amene akuchemerera bambo ake, ndiye ndiyambira pachiyambi. Belu la tchalitchi chathu si belu lenileni, ndi janti, chitsulo chija cha mkati mwa gudumu la galimoto yaikulu, chimene agogo ako ndi anzawo anachipachika ndi waya pa bulugamu wa pabwalo la tchalitchi. Amalume ako ndiwo ankaliimba kuyambira ali mnyamata, ndi kachitsulo kakatali kamene chogwirira chake chinasalala ndi dzanja lawo. Linali ndi malilidwe atatu, ndipo ngakhale mwana woyamwa ankawasiyanitsa. Lamlungu linkalira mwachimwemwe. Pa maliro linkalira limodzilimodzi, mopumira. Nyumba ikapsa kapena pakagwa choopsa, linkalira mothamanga osalekeza, ndipo aliyense ankasiya chimene wagwira. Mawu ake ankafika kumtsinje mpaka kutsidya, kuminda ya tirigu.

Nkhondo itayandikira kuchokera mbali ya Macanga, abusa athu analeka kubwera chifukwa msewu unali utatcheredwa mabomba. Mpingo unatsala m'manja mwa ife akulu. Pa msonkhano wina ndinaimirira n'kunena kuti tileke kuimba belu Lamlungu, chifukwa likuuza anthu a mfuti kuti mudzi wonse wasonkhana pamodzi, tsiku lakuti, nthawi yakuti. Amalume ako anati, "Alamu, tikasiya belu lero, mawa tisiya nyimbo, mkuja tisiya Mulungu. Anthu a mfuti sasowa belu kuti apeze mudzi. Amatsata utsi ndi kulira kwa mbuzi." Ine ndinati, "Inu ndinu mlimi, alamu. Akakupezani akulandani kachewere basi. Ine ndine professor, mphunzitsi wa boma, akandipeza simudzandizindikira nkhope." Ndinkaopa, Armando, ndipo manthawo sanali opusa. Mnzanga amene tinkaphunzitsa limodzi ku Furancungo anali ataphedwa kale pakhomo pa sikola yake. Sitinagwirizane tsiku limenelo, koma tonse tinavomera kuti tidzakambiranenso Lamlungu lotsatira tikatuluka m'mapemphero.

Ine sindinadikire Lamlungu limenelo. Ndikaweruka ku sikola, choko chidakali m'manja, ndinayamba kuyenda nyumba ndi nyumba. Sindinkalowa paliponse ayi. Ndinkadziwa amene ali ndi mwana ku usilikali, amene anagonapo kutchire, amene anakanganapo ndi amalume ako za malire a munda, ndipo ndinkayambira kwa amenewo. Pakamwa ndili napo pabwino, ndi ntchito yanga. Zambiri zimene ndinkanena zinali zoona, koma ndinkathirako ndi kamchere, kuti a Zakariya amalikonda belu chifukwa ndi pokhapo pamene anthu amawaonera. Tsiku lina ndikubwerako amayi ako anandifunsa kuti, "Abambo a Armando, nyumba zonse mwalowa, nanga kwa achimwene bwanji mukudzera kuseri kwa khola?" Ndinati, "Amene aja samva." Iwo anati, "Mwawayesa?" Ndinapempha madzi osamba, nkhani n'kuthera pomwepo. Za lichero la abusa a Chimphonda sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

Lamlungu litafika, msonkhano uja sunachitike. Theka la mpingo linanditsata kuchigwa, pansi pa mitengo, kumene tinkaimba nyimbo motsitsa mawu. Theka lina linalowa m'tchalitchi, ndipo belu linalira kuposa kale. Sindikunena kuti amalume ako anali mngelo. Nawonso anayamba kusankha zawo nyemba. Analalikira kuti ife ndife Akhristu a kuuna ngati mbewa, ndipo dzinalo linatimatirira. Ife tinkawatchula kuti a belu, ndipo tinkalitchula mokweza mphuno. Onse awiri tinali akulu a mpingo, onse awiri tinkapemphera tisanadye, ndipo aliyense ankagona tulo tabwino poganiza kuti Mulungu ali mbali yake.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti kugawikana sikukhala m'tchalitchi mokha. Chaka chimenecho tirigu tinapuntha magulu awiri, pamene kale mudzi wonse unkayamba munda wa uyu n'kupita wa uyo. Mchere unali wosowa, koma mayi wa kuuna sakanapita kukapempha kwa mayi wa belu, kuli bwino adye ndiwo zozizira. Kumtsinje amayi anagawana miyala yochapirapo. Munthu mmodzi yekha amene anakana zonsezi anali mlongo wako Luiza. Iye anakulira pamsana pa a Esinta, akazi a amalume ako, ndipo ankapitabe kukachapa nawo mwala umodzi. Nditamuletsa anandiseka n'kunena kuti, "Ababa, sopo alibe mpingo." Ndinafuna kukwiya koma ndinalephera, ukudziwa mmene ankasekera.

Belu lija linapitiriza kulira Lamlungu lililonse. Ndiye Loweruka lina masana, amalume ako atapita kumsika, tinapita amuna anayi, tonse a kuchigwa. Tinadula waya, janti inagwa pansi kuti thii, tinaipisa mtengo pakati n'kuinyamula pamapewa. Ndi yolemera, mwana wanga, tinapumira panjira kangapo. Tinaikwirira m'munda mwanga mwa kachewere, pansi pa mtengo wa mapichesi. Kachitsulo koimbira kaja ndinakatsomeka kudenga kwathu. Sitinabise, mudzi wonse unationa, ndipo iwe unandiyang'ana tsiku limenelo ngati ndapha mkango.

Madzulo ake amalume ako anabwera. Amayi ako anawayalira mphasa, koma sanakhale. Anaima pabwalo chipewa chili m'manja, ndipo sanakalipe monga ndinkayembekezera. Anangofunsa kuti, "Alamu, nanga la maliro ndi la moto mwakwiriranso?" Ine ndinati, "Pronto, zatha. Nkhondo ikatha tidzafukula." Anandiyang'ana, anayang'ana mlongo wawo, n'kuvala chipewa kumapita. Funso lawo ndinalimva ndi makutu okha. M'mutu mwanga munali Lamlungu basi, ndinaiwala kuti belu lomwelo linali ndi ntchito zina ziwiri.

Anthu a mfuti aja anabwera pakati pa sabata, dzuwa litakwera, patapita nthawi belu lili chete pansi pa dothi. Woyamba kuwaona anali amalume ako, ali m'munda wawo wa tirigu pamtunda. Anaona mzere wa anthu ukutsika phiri, ndipo anathamanga. Anandiuza ena amene anawaona kuti miyendo inawatengera ku bulugamu uja mwachizolowezi, n'kupeza waya yekha akulendewera. Anayamba kumenya khasu pamwala, akukuwa mpaka mawu anawathera. Ife a pafupi tinamva. Ine ndinatulutsa ana a sikola pawindo n'kuwalowetsa m'chimanga, iwe unakoka amayi ako kuthawira kuchigwa. Amene anali kumtsinje sanamve kanthu, poti madzi ankasokosa ndipo iwo ankamenya zovala pamiyala. Khasu silifika kumene janti inkafika. Anthu a mfuti aja anawapeza pomwepo, a Esinta ndi Luiza ali pakati pawo, n'kuwasenzetsa katundu. A Esinta, amene mwendo unkawavuta, tinawapeza m'mawa mwake m'mbali mwa njira atafa. Za Luiza mpaka lero sitinamve kanthu.

Ndikudziwa chimene umanena, wandiuza kambirimbiri. Umati akanapanda kuimba belu miyezi yonse ija, anthu aja sakanaudziwa mudzi wathu. Mwina n'zoona. Mwinanso amalume ako ndiwo ankanena zoona, kuti amatsata utsi ndi mbuzi. Palibe amene anawafunsa anthu aja, ndipo sitidzadziwa. Kunena mosabisa, mpaka lero ndimaganizabe kuti pa nkhani ya kuimba belu Lamlungu ine ndinkaona bwino. Koma apa ndi pamene ndikufuna umvetse, mwana wanga, werenga kawiri ngati n'kofunika. Tikanakhala pansi Lamlungu lija monga tinapanganirana, wina akanati, chabwino, la Lamlungu tilisiye koma la ngozi likhale. Ndi nzeru yaing'ono, ngakhale mwana wa kalasi yoyamba akanaipeza. Sinapezeke chifukwa panalibenso malo amene tonse tinkakhala pamodzi, ndipo amene anawathetsa malowo ndi mapazi anga aja oyenda nyumba ndi nyumba. Liwu la abusa a Chimphonda linandibwerera titaima pa mtembo wa a Esinta, ndipo linandikwana ngati malaya osokedwa pa thupi langa.

Maliro awo ukuwakumbukira. Panalibe belu lowalengeza, uthenga unayenda pakamwa. Kumanda a kuuna tinaima uku, a belu uko, ndipo tinaimba nyimbo imodzi yomweyo koma ife tinamaliza iwo adakali pakati. Amayi ako ndiwo anadzuka pakati pathu, anadutsa pamalo opanda munthu paja onse akuwayang'ana, n'kukakhala pansi pafupi ndi mlongo wawo. Ine ndinatsala chiimire pomwe ndinali. Patangopita masabata ochepa amalume ako anasamukira ku Ntengo-Wambalame, ndipo kuyambira pamenepo amayi ako sanawaonenso. Tsiku lina akusenda kachewere anandiuza kuti, "Mwana ananditengera ndi anthu a mfuti. Nanga mlongo wanga ananditengera ndani?" Funsolo sanalibwerezenso.

Armando, ukamati herege, ine sindimva chipongwe, ndimamva mwana wanga akulira. Ndikudziwa kuti Luiza ankakubisira kachewere wootcha m'phulusa ukachedwa ku sikola, ndipo ndakuonapo ukufukula phulusa ndi kamtengo pamene ukuganiza kuti palibe akukuona. Mkwiyo wako ndi chikondi chimene chasowa kopita. Anthu amene anamutenga alibe maina, sungawapeze, ndiye wautula pa munthu amene ali ndi dzina ndi khomo. Inenso ndinachita zomwezo kwa nthawi yaitali, chifukwa kukwiyira amalume ako kunali kopepuka kuposa kuyang'ana mtengo wa mapichesi uja. Koma kumbukira kuti munthu ameneyo anathamanga kuchokera pamtunda kudzatichenjeza ife a kuuna, amene tinali titamuchotsera belu lake. Iwe ndi ine tili moyo chifukwa cha khasu lake.

Ubwererenso ku vesi lako lija, poti umalikonda. Iwe wagwira mawu omaliza okha, akuti umupewe. Nanga oyambawo? Kuchenjeza munthu kamodzi ndiye kuti wayenda mpaka pakhomo pake, waodira, wakhala pamphasa yake, wamuyang'ana m'maso n'kumuuza. Ukabwerako osamvana, upitenso kachiwiri, ukakhalenso pamphasa yomweyo. Mtumwi anaika maulendo awiri patsogolo pa kupewa, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwa kuti anthu ambiri akayenda maulendo awiriwo safikanso popewana. Iwe wapitako kangati kwa amalume ako? Usachite manyazi kuyankha, ine bambo ako sindinapiteko ngakhale kamodzi. Ndinkadzera kuseri kwa khola.

Kumene ukupitako ukapeza anyamata ochokera madera ambiri, aliyense ndi kapempheredwe ka kwawo. Kukakhala mikangano ya ubatizo, ya nyimbo, ya aphunzitsi amene ali abwino ndi amene sali abwino. Iwe uli ndi pakamwa ngati panga, ndipo anzako akayamba kukuzungulira kuti uwalankhulire. Zimakoma, ndikudziwa. Ukadzaona kuti madzulo ukulowa zipinda zina n'kumalambalala china, uime pomwepo uyang'ane mapazi ako. Ukasiyana maganizo ndi munthu, khomo loyamba kugogoda likhale lake, anzako amve pambuyo. Sindikukuuza kuti uzivomera zilizonse, ayi. Chabodza uzichitchula kuti chabodza, mokweza ngati n'kofunika, koma mwini wake ali pomwepo akumva. Ndipo ukapambana mkangano, uziwerenga anthu amene atsala m'chipindamo, osati mfundo zako.

Zina ndi zazing'ono, koma amayi ako akuti ndisaziiwale. Giya yako, kalata ija yokuloleza kuyenda, isakhale m'thumba la malaya, aisokerera mkati mwa lamba wa buluku, ukafika pa asilikali uitulutse mwaulemu ndipo usawaphunzitse Baibulo. Uziyenda pamene ng'ombe zaponda kumene, osadula njira ngakhale uone kuti n'pafupi. Jekete langa lakuda ndakupatsa, manja ake ndi aatali koma upinde, chifuwa chako chija sichigwirizana ndi mphepo ya kumapiri. Kutsidyako ena akakutchula wothawa nkhondo, ndipo akaseka mmene umawerengera manambala m'Chipwitikizi. Uziseka nawo, sizipha. Ukapeza anthu a kwathu kuno m'misasa, uzifunsa za Luiza kwa aliyense, a kuuna ndi a belu omwe, osasankha.

Mwina ukufunsa kuti bwanji ine mwini sindipita ku Ntengo-Wambalame. Professor sachoka pa ntchito popanda giya, ndipo a diretori, akulu a sikola, andikaniza poti aphunzitsi tatsala ochepa. Chimenecho ndi chifukwa chimene ndimauza anthu. China n'chakuti ndimaopa kuti ndikafika adzandiyalira mphasa, ine n'kusowa poyambira. Munthu wina wogulitsa nyemba anatiuza mwezi wathawu kuti amalume ako aonda, akutsokomola, ndipo amadziphikira okha. Akuti kutchalitchi cha kumeneko amakhala kumbuyo, ndipo atawapempha kuti aziimba belu anakana. Amayi ako atamva zimenezo anakalowa m'nyumba masana dzuwa likuswa mtengo. Sindikudziwa kuti nthawi yatsala yochuluka bwanji, ndipo iwe ukawoloka malire sudzabwera msanga.

M'mawa ukamanyamula thumba lako udandaula kuti likulemera, ndipo amayi ako akuuza kuti ndi nyemba. Si nyemba zokha. Pisa dzanja pansi penipeni, upeza chinthu chachitali chokulungidwa m'kapulana, chitenje chawo chakale chija. Ndi kachitsulo koimbira belu kaja, ndakatsitsa kudenga lero masana. Kachita dzimbiri konse kupatula pogwirira.

Sindingakukakamize, ndiwe wamkulu tsopano ndipo pa mphambanopo uli wekha. Ukasankha kulunjika kumalire, udzakhalabe mwana wanga, ndipo sindidzakufunsa. Koma ukakhota, ukaodire bwinobwino ngati mwana wa mlongo wawo. Akakupatsa madzi, umwe. Usakalalikire, ndipo za amene analakwa usakazitchule. Ukangowapatsa chitsulocho m'manja n'kunena kuti, "Amalume, ababa akuti janti ili pomwe paja, pansi pa mtengo wa mapichesi." Ukawauze kuti anzanga atatu amene tinanyamula nawo onse anathawira kutsidya, ndipo ine ndekha ndayesa kuifukula koma sindingathe kuidzutsa, kuli bwanji kuikweza mumtengo. Ukawauzenso kuti za Lamlungu tidzakambirana titakhala pamphasa imodzi, yawo kapena yanga, ndipo akanena kuti ndipite ndine, ndidzapita ngakhale popanda giya.

Mawu omaliza si anga, ndi a amayi ako, ndipo akuti ukawanene monga momwe alili. Akuti, "Achimwene, bwerani mudzapachike belu. Mwana wanga akadzathawa kumene aliko adzayenda m'tchire osadziwa ngati mudzi udakalipo. Ndikufuna adzalimve adakali kutsidya kwa mtsinje."

Mulungu akusunge panjira, mwana wanga. Tsopano manga kamba wakoyo, dzuwa lisakutenthere pamphambano.

Ndine bambo ako,
amene unatengera mtima ndi mapazi omwe.